Injini ya dizilo ikamatentha kwambiri, yambani mwaona madzi

Injini zina za dizilo zoyendetsa zigayo ndi mapampu othirira kuno ku Nambuma zimazizira ndi madzi a mu diramu. Madzi otentha amakwera ndi paipi ya pamwamba, ozizira n'kubwerera ku injini ndi ya pansi. Akasiya kuzungulira, pisitoni imamatirira, injini n'kufa mbewu zili kudimba.

Onani izi:

1. Madzi azikwirira kamwa la paipi ya pamwamba. Akatsika, sazungulira.

2. Khudzani mapaipi mosamala. Ya pamwamba izitentha kuposa ya pansi. Ngati injini yatentha koma diramu lili lozizira, penapake patsekeka.

3. Matope a mumtsinje wa Nambuma amatseka njira za madzi. Injini ikazizira, masulani mapaipi n'kuwatsuka. Muzisefa madzi ndi nsalu musanawathire.

4. Sinthani paipi yopindika kapena yodontha.

Chenjezo: musathire madzi ozizira pa injini yotentha chifukwa chitsulo chimang'aluka. Izimitseni, idikireni izizire yokha.

Mukaona thovu likutuluka mu diramu, kapena oyilo atayera ngati mkaka, mwina gasiketi yapsa. Musailizenso, itanani makaniko.