Yisiti wa m'mandasi a ku Fourways amaleredwa ndi nzimbe

Mbandakucha, mataxi ochokera ku Diepsloot asanadzadze msewu wa Winnie Mandela kulowera ku Fourways Mall, amayi ogulitsa mandasi, omwe kuno ku South Africa amati magwinya, amakhala atakanda kale. Ena mwa iwo ndi Amalawi. M'beseni mumalowa fulawa, shuga, mchere, madzi ofunda ndi kapaketi ka yisiti ka magalamu 10, kawirikawiri ka Anchor, kampani yomwe inayamba mu 1923 ndipo lero ili m'manja mwa Lallemand ya ku Canada.

Timibulu ta m'kapaketimo ndi tamoyo. Akatswiri amatitchula Saccharomyces cerevisiae, ndipo amatiweta m'mathanki akuluakulu potidyetsa molasi, madzi akuda onata otsala popanga shuga, ofanana ndi amene amatuluka ku Dwangwa ndi ku Nchalo. Monga nkhuku imanona malinga ndi chakudya chake, mavitamini a yisiti amadalira kaleredwe.

Yisiti sakula bwino popanda biotin, ndipo molasi wa nzimbe ali nayo yambiri kuposa wa beet wa ku Ulaya. Vitamini B1 ndiye amachita kumumwa: mukamuthirira m'thankimo, amamukoka n'kumusunga m'thupi. Folate, yomwe mayi woyembekezera amaifuna kwambiri, imachuluka pamene yisiti akuswana mwachangu, n'kutsika akaleka kukula.

Mpweya nawo ndi nkhani yaikulu. Molasi amathiridwa pang'onopang'ono, mpweya ukupopedwa usana ndi usiku, kutentha kuli pafupi madigiri 30. Shuga akachuluka nthawi imodzi, yisiti amasiya kuswana n'kuyamba kupanga mowa. Mpweya womwewo ndi umene umamuthandiza kupanga ergosterol, yomwe ikawalitsidwa ndi kuwala kwa UV imasanduka vitamini D2. Koma vitamini B12 yisiti sapanga. Mukamuona palebulo, dziwani kuti anachita kuwonjezera.

Izi si zamasewera. Mu 1931, dokotala Lucy Wills anachiritsa amayi oyembekezera osowa magazi ku Bombay powapatsa Marmite, yopangidwa ndi yisiti wotsala kofululira mowa. Ndipo boma la South Africa litaletsa mowa mu 2020 chifukwa cha Covid-19, Marmite anasowa m'mashelefu, poti yisitiyo kunalibe komutenga.

Komabe tisanamizane kuti mandasi ndi mankhwala. Kapaketi kamodzi kamafufumitsa kilogalamu yathunthu ya fulawa, kenaka mtandawo umagwera m'mafuta owira, omwe amawononga gawo la B1 ndi folate. Chotsala m'ndasi imodzi n'chochepa zedi. Mnyamata wogwira ntchito ya m'munda kunyumba za ku Dainfern, yemwe m'mawa amadya mandasi awiri ndi tiyi basi, mavitamini ake ayenera kuchokera kwina.

Kwinako ndi ufa. Kuyambira mu October 2003, lamulo la kuno limakakamiza zigayo kuthira vitamini A, B1, B2, niacin, B6, folic acid, iron ndi zinc mu ufa wa chimanga ndi wa buledi. Cake flour, yomwe ophika ambiri amaikonda poti mandasi ake amafewa, sinali m'lamulo la 2003 lija. Choncho mayi wogula thumba la makilogalamu 10 ayambe walitembenuza, aone ngati pali chizindikiro cha ufa wowonjezeredwa mavitamini, asanapereke ndalama.