Kayalidwe ka Mawu m'Chingerezi cha m'Makomboni a Lusaka

Mphunzitsi aliyense amene anagwirapo choko ku Kanyama, ku Matero kapena ku Chawama amachidziwa chiganizo chakuti "Borrow me your pen". Amachikonza mwana ali mu Giredi 5, nadzachipezanso m'chimangirizo cha mwana yemweyo atatsala pang'ono kutsiriza sekondale. Cholinga cha nkhani ino ndi kusonyeza kuti ziganizo za mtundu umenewu sizibadwa mwangozi, ndipo si umboni wa kupepera kwa ophunzira. Zili ndi malamulo ake, ndipo ambiri mwa malamulowo ndi a Chinyanja ndi zinenero zinzake. Mawu ndi a Chingerezi ndithu, koma kayalidwe kake n'kochokera kunyumba.

Tikamati kayalidwe tikutanthauza mawu amene amakonda kuyenda limodzi ndi liwu lina, ndiponso mndandanda umene mawuwo amatsata. Ganizoli linakulira ku yunivesite ya Birmingham, kumene John Sinclair ndi anzake anasonkhanitsa m'kompyuta mawu mamiliyoni ambiri a Chingerezi cholembedwa ndi cholankhulidwa, natulutsa mtanthauziramawu wa COBUILD mu 1987. Susan Hunston ndi Gill Francis, m'buku lawo la Pattern Grammar la mu 2000, anafotokoza kuti tanthauzo la liwu silingalekanitsidwe ndi kayalidwe kake, ndi kuti mawu a kayalidwe kamodzi amakonda kukhala ndi matanthauzo apachibale. Iwo ankasanthula Chingerezi cha eni ake, koma chida chawocho chimagwiranso ntchito m'minibasi ya ku George.

Tiyenera kukumbukira kumene Chingerezi chimenechi chimakulira. Lusaka inakhala likulu mu 1935, m'dera la Asoli ndi Alenje, koma chinenero chimene chinafala mumzindawu ndi Chinyanja, chimene chinabwera ndi anthu a ku Chigawo cha Kum'mawa ndi a ku Nyasaland, ndiponso chinali chinenero cha apolisi ndi asilikali. Chinyanja chimenecho chinasakanikirana ndi Chinsenga, Chibemba ndi Chingerezi, mpaka Andrew Gray, Brighton Lubasi ndi Phallen Bwalya anachilembera buku lakelake, Town Nyanja, mu 2013. Kusukulu nako, kuyambira mu 1966 ana ankaphunzira m'Chingerezi kuchokera mu Giredi 1. Ndondomeko ya Educating Our Future ya mu 1996 inalola kuti kuwerenga kuziyambira m'chinenero chodziwika kwa mwana, ndipo mu 2014 zinenero za m'dziko zinapatsidwa makalasi anayi oyambirira. Ndondomeko zasinthasintha chotero, koma mayeso akuluakulu a Examinations Council of Zambia amafunabe Chingerezi cha m'mabuku.

Tiyeni tibwerere ku cholembera chija. Taonani ziganizo ziwiri izi:

1. Ndinabwereka njinga kwa malume.
2. Malume anandibwereka njinga.

Mneni ndi mmodzi, koma tanthauzo latembenuka. M'chiganizo 1, mneni watsatiridwa ndi chinthu, kenaka "kwa" ndi munthu, ndipo tanthauzo ndi kulandira. M'chiganizo 2, munthu walowa m'kati mwa mneni ngati mgwirizanitsi -ndi-, ndipo tanthauzo ndi kupereka. Choncho m'Chinyanja kayalidwe ndiko kamatiuza amene akupereka ndi amene akulandira. Chingerezi chinagawa ntchitoyi pakati pa aneni awiri: "lend" amalola munthu ndi chinthu kutsatana, pamene "borrow" amafuna chinthu, kenaka "from" ndi munthu. Mwana wa ku Kalingalinga amene amati "Nibwelekeko" pabwalo, akafika m'kalasi amatenga mneni amene anayamba kumudziwa, namuika m'kayalidwe ka kupereka. Kwa iye chiganizocho n'chomveka bwino lomwe, ndipo mnzake amam'patsadi cholemberacho.

Pali kanthu kena pano koyenera kukaganizira. Pa nkhani ya ndalama Chinyanja chili ndi aneni awiri osiyana, kukongola ndi kukongoza, koma timamvabe "Borrow me ten kwacha". Izi zikusonyeza kuti wolankhula samasulira chiganizo chilichonse m'mutu mwake. Kayalidweka kanakhazikika kale m'Chingerezi cha mumzindawu, ndipo ana amakatola kwa akulu awo monga momwe amatolera mawu ena onse.

Chitsanzo chokoma kwambiri kwa ife ndi cha msintho wochitira. Sam Mchombo, m'buku la The Syntax of Chichewa la mu 2004, anasonyeza kuti wochitiridwa zabwino amakhala moyandikana ndi mneni, patsogolo pa chinthu chochitidwacho. Timati "Gulira mwana buledi"; chiganizo chakuti "Gulira buledi mwana" sichimveka bwino. Chingerezi cha m'mabuku chimalola "Buy me bread" kapena "Buy bread for me". Koma pa kantemba ka ku Mtendere timamva njira yachitatu: "Buy for me bread", ndiponso polawirana, "Greet for me your mother". Apa mperekezi "for" wapatsidwa ntchito ya mphatikiri -ir-, ndipo wamamatira kwa mneni monga momwe mphatikiriyo amachitira, nakokera munthu pamalo ake a m'Chinyanja. Wolankhula wamvera malamulo awiri nthawi imodzi: waika mperekezi amene Chingerezi chimafuna, nasunga mndandanda umene Chinyanja chimafuna.

Za "Me I don't know" ndi "My sister she is in Kabwe" sitichulukitsa mawu. Joan Bresnan ndi Mchombo anafotokoza kale mu 1987 kuti mneni wa Chichewa sayenda wopanda mgwirizanitsi wa mwininkhani, ngakhale dzina litatchulidwa. M'chiganizo chakuti "Ine sindidziwa" mwininkhani waoneka kawiri, ndipo mlowam'malo wachiwiri wa m'Chingerezi uja akudzaza malo a mgwirizanitsiyo.

Kumene kayalidwe kameneka kangavulaze munthu ndi pa mafunso okana. Namwino akafunsa kuti "You didn't take the medicine?", wodwala nayankha kuti "Yes", akutanthauza kuti "Inde, sindinamwe". Iye akuvomereza zimene wofunsa wanena. Wozolowera Chingerezi cha ku London angamve kuti mankhwala anamwedwa. Anthu awiri a mu Lusaka amamvana popanda vuto. Chisokonezo chimadza pamene mmodzi akutsata lamulo la m'buku, kapena pamene yankholo lalembedwa pa pepala n'kukawerengedwa ndi wina amene panalibepo. Otanthauzira m'makhoti ndi ophunzitsa anamwino ayenera kuyesa mfundoyi yaikulu kuposa zonse zimene tatchula.

Tichenjere komabe. Si chachilendo chilichonse chimene chimachokera ku Chinyanja. "Discuss about", "furnitures" ndi "advices" zimamveka ku Lagos, ku Nairobi ndi ku Delhi komwe, ndipo Josef Schmied, m'buku la English in Africa la mu 1991, anaonetsa kuti zizolowezi zambiri zotere n'zofala m'mayiko ambiri a mu Africa. Gwero lake lina lili m'Chingerezi mwenimwenimo: wophunzira amene amadziwa "talk about" ndi "argue about" amalowetsa "discuss" m'banja lomwelo, zimene zikugwirizana ndi ganizo la Hunston ndi Francis lija. Kuti ife timati "kukambirana za" kumangowonjezera mphamvu pa chinthu chimene chikanachitikabe. Ndiponso Chibemba, Chitonga ndi Chisoli zili ndi msintho wochitira ndi agwirizanitsi monga Chinyanja, choncho wofufuza wonena kuti chakutichakuti n'cha Chinyanja chokha akhala akunena zoposa umboni wake.

Kwa mphunzitsi, phindu la zonsezi n'lakuti kukhwatcha liwu limodzi ndi inki yofiira sikuchiza kanthu, chifukwa vuto silili pa liwulo. Ndi bwino kuphunzitsa aneni m'mabanja awo: "lend" pamodzi ndi "give", "send" ndi "show", "borrow" pamodzi ndi "take", "get" ndi "steal", amene amatsatiridwa ndi "from". Ziganizo 1 ndi 2 zikalembedwa pa bolodi pambali pa mabanjawo, mwana amaona yekha kuti kusiyanako amakudziwa kale.

Pali kayalidwe kamodzi kamene njira imeneyi siikwanira. Mwana akafunsidwa za bambo ake nayankha kuti "They have gone to town", mphunzitsi amaona kulakwa kwa umodzi ndi unyinji, pamene mwanayo wapereka ulemu wa m'chiganizo chakuti "Apita ku tauni". Ulemu womwewo ndiwo umabala "ba teacher", "I am asking for water" m'malo mwa "Nipemphako manzi", ngakhalenso kamphatikiri -ko kopachikidwa pa Chingerezi, monga mu "Help me ko". Mwana wotere akauzidwa kuti azinena "he" za bambo ake, amamva ngati akuphunzitsidwa mwano. Apa mphunzitsi ayenera kuyamba wamusonyeza kumene Chingerezi chimasunga ulemu wake, m'mawu monga "could you" ndi "would you mind", asanam'lande "they" wakeyo.