Kasungu naye ali ndi mbiri ya panyanja

Chaka ndi chaka mumzinda wa Tampa ku America, makolo ndi ana awo amavala ngati achifwamba a panyanja n'kumaguba m'misewu, ena atamanga kansalu kudiso, ena atanyamula malupanga apulasitiki. Chikondwererochi chimatchedwa Gasparilla ndipo chidayamba mu 1904. Ana amakhala ndi tsiku lawolawo la perete.

Mlimi wa fodya wa ku Santhe kapena ku Chamama atamva zimenezi angaseke, n'kunena kuti za zombo n'za eni nyanja. Komatu mbiri ya Kasungu idalukana ndi nyanja kalekale, fodya wa bale asadabwere.

M'zaka za m'ma 1840, Mswahili wina, Salim bin Abdallah, adakhazikika ku Nkhotakota n'kukhala Jumbe woyamba. Iye ndi omulowa m'malo ankagula minyanga ya njovu ndi akapolo kuchokera kumtunda. Imodzi mwa njira zikuluzikulu za malondawo inkadutsa m'dziko la Mwase Kasungu, yemwe ankapeza mfuti ndi nsalu posinthana ndi minyanga.

Ogwidwa ukapolo ankayenda wapansi mpaka kunyanja, goli lili m'khosi. Ku Nkhotakota ankawalonga m'zombo zamatanga n'kuwaolotsera kutsidya, komwe ankayamba ulendo wa miyezi wopita ku Kilwa, m'mbali mwa nyanja ya mchere. Ambiri ankatsirizikira panjira.

David Livingstone adafika ku Nkhotakota mu 1861 ndipo adadzionera yekha malondawa. Mpaka lero alendo amaonetsedwa mtengo omwe akuti patsinde pake Livingstone adakambirana ndi Jumbe. Ulamuliro wa a Jumbe udatha m'ma 1890, ndipo kumapeto kwa 1895 asilikali a boma la atsamunda adathira nkhondo likulu la Mwase Kasungu.

Apa ndiye pali kusiyana. José Gaspar, yemwe a ku Tampa amamukumbukira ndi nthabwala, akatswiri a mbiri yakale amati ndi munthu wa m'nthano chabe. Koma omwe adakwezedwa m'zombo ku Nkhotakota adali anthu enieni, ana ndi adzukulu a m'midzi yathu yomweyi. Nkhani yawo siyochitira chipwirikiti.

Izi sizikutanthauza kuti mbiri yowawa singaseweredwe. Mganda, womwe anyamata amavina m'midzi ya ku Kasungu ntchito ya kumunda ikachepa, umatsanzira perete wa asilikali. Gule ameneyu adafala itatha nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo ana amaonera limodzi ndi agogo awo popanda wochita mantha. Ngati ng'oma idasunga za nkhondo, sewero la pasukulu kapena pabwalo la mfumu lingasungenso za ulendo wa akapolo, bola lichitike mwaulemu.

Mu 2011 Malawi idapereka njira za akapolo ndi malo omwe Livingstone adadutsa ku bungwe la UNESCO kuti aganiziridwe kukhala chuma cha dziko lonse lapansi. Nkhotakota ili pamndandanda umenewo.

Kwa banja la ku Kasungu, ulendowu siwautali. Msewu wa M18 umachoka paboma, kudutsa m'nkhalango yosungirako nyama ya Nkhotakota, n'kukatsikira kunyanja. Ndalama za fodya zikalowa, kholo lingapatuleko ya minibasi, ana akaime pamchenga pomwe anzawo adaonera komaliza mapiri akwawo.