Kusankha foni ya m'manja ku Chigwa cha Shire

Zipangizo zosungira mayina, kalendala ndi zolemba zazifupi, monga Palm Pilot ya mu 1996, zidalowedwa m'malo ndi foni zamakono pamene iPhone idatuluka mu 2007 ndi Android mu 2008, motero wogula wa ku Nchalo, Ngabu kapena Bangula lero amasankha pakati pa foni ya mabatani ndi yoyendetsa chala pagalasi, kawirikawiri ya Itel kapena Tecno.

M'chigwachi choyamba kuyang'ana ndi batire, imene kukula kwake kumalembedwa ndi chizindikiro cha mAh, kutanthauza kuti pa mafoni a mtundu umodzi nambala ikakhala yaikulu foni imakhalitsa isanathe moto. Nkhaniyi ndi yaikulu chifukwa midzi yambiri ya ku Chikwawa ndi Nsanje ilibe magetsi, eni foni amalipira potchajitsa pamsika kapena amadalira sola, ndipo kutentha kwa mu Okutobala ndi Novembala kumafooketsa batire msanga. Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, ngakhale okhala m'matauni adaona kuti foni ya mabatani, yomwe imatha masiku angapo osatchaja, ndiyo idali yodalirika.

Malo a simukadi awiri ndi ofunikanso, popeza netiweki ya TNM ikhoza kugwira pamene ya Airtel yafooka. Njira zotumizira ndalama za Mpamba ndi Airtel Money zimagwiranso ntchito pa foni ya mabatani, choncho wogula yamakono azifunsa ngati WhatsApp ndi zithunzi zikuyenereradi mtengo wake komanso ndalama za bandulo mwezi ndi mwezi.