Kusintha mapulagi a galimoto: wekha kapena kwa makaniko?

Kuno ku Angónia, galimoto ikayamba kuvuta kulira m'mawa, kunjenjemera ikaima ndi kumwa petulo mopitirira muyeso, ambiri amathamangira kunena kuti batire yatha kapena petulo wa m'mabotolo anali wosakaniza. Nthawi zina zimakhaladi choncho. Koma kawirikawiri vuto limakhala pa kachitsulo kotalika ngati chala, kamene ife timati pulagi, pamene amakaniko a mumzinda wa Tete amati vela, monga m'Chipwitikizi.

Ntchito ya pulagi ndi kuthetheka kamoto mkati mwa injini kuti petulo wosakanikirana ndi mpweya ayake. Injini ya masilinda anayi, monga ya Toyota Corolla zimene timagula zogwiritsidwa kale ntchito kuchokera ku Japan, ili ndi mapulagi anayi. Inu a ma Canter onyamula mbatatesi ku Tsangano nkhaniyi siyanu, pakuti injini ya dizilo ilibe pulagi ya mtundu umenewu.

Tsono funso la eni magalimoto ndi lakuti: kodi nkoyenera kulipira makaniko pa ntchito yooneka ngati kumasula ndi kumanga basi?

Ine ndinayankha kale funsoli ndi thumba langa. Chaka china, ndikufulumira kupita ku maliro ku Dómuè, ndinasintha mapulagi injini ikadali yotentha. Ziwiri zoyamba zinalowa bwino. Yachitatu ndinaiyamba ndi sipanala m'malo mwa dzanja, inalowa mopendekeka, ndipo nditamva kulimba ndinangowonjezera mphamvu. Mano a m'bowo, amene pulagi imapotera, anatha onse. Mutu wa injini za masiku ano ndi wa aluminiyamu, chitsulo chofewa kuposa cha pulagi, choncho chimene chimaonongeka ndi mutuwo. Kumaliroko ndinapita pa njinga yamoto ya mnzanga, galimoto inakhala pansi pa mtengo wa mango masabata atatu, ndipo ndalama yokonzetsera bowolo inaposa kutali imene ndinkakana kupatsa makaniko.

Komabe sindikuti musamasinthe nokha. Lero ndimasinthabe ndekha, ndipo ndikuona kuti aliyense woyenda misewu yathu yakutali ndi galaja ayenera kuidziwa ntchitoyi. Chofunika ndi sipanala yake yeniyeni ya mapulagi, yomwe pa magalimoto ambiri ndi ya mamilimita 16, ndipo pa ena akale 21. Dikirani injini izizire. Musanamasule, pukutani ndi kuuzira fumbi lonse lozungulira pulagi, chifukwa mchenga ukagwera m'bowo umakakanda mkati mwa silinda. Kuno nyengo ya chilimwe fumbi silisowa.

Sinthani imodzi imodzi. Pa magalimoto akale okhala ndi nthambo zopita ku pulagi iliyonse, mukazula zonse nthawi imodzi n'kuzisokoneza, injini siilira bwino kapena siilira n'komwe, popeza moto umayenda mwa dongosolo lake, kawirikawiri 1-3-4-2. Pa atsopano pulagi iliyonse ili ndi koyilo yake pamwamba, yomangidwa ndi kabawuti kamodzi. Pulagi yatsopano iyambeni ndi zala zokha. Ikakana kupota mofewa, itulutseni muyambenso. Sipanala ibwere pomaliza, kungolimbitsa pang'ono, osati kukanikiza ngati mukumanga tayala.

Phindu lalikulu losintha wekha si ndalama ayi. Ndi lakuti pulagi yakale umaiona ndi maso ako, ndipo imakuuza za umoyo wa injini. Nsonga ikakhala yofiirira kapena yotuwa pang'ono, zonse zili bwino. Ikakhala ndi mwaye wakuda wouma, petulo akuchuluka kuposa mpweya, ndipo choyamba kuyang'ana ndi sefa ya mpweya, imene fumbi limatseka msanga. Ikanyowa ndi oyilo, ndiye kuti oyilo akulowa pamene sayenera kulowa, ndipo pulagi yatsopano idzangobisa matendawo masiku ochepa. Ikayera mbee kapena kusungunuka nsonga, injini ikutentha kwambiri. Ziwiri zomalizazi ndi za makaniko, osazengereza.

Pogula, tengani pulagi yakale kapena nambala yolembedwa pathupi pake. Mapulagi amasiyana kutalika ndi kapiriridwe ka kutentha, ndipo yotalika kwambiri ingathe kugundana ndi pisitoni. Mpata wa pansonga, pamene motowo umadumpha, umakhala pakati pa mamilimita 0,7 ndi 1,1 malinga ndi injini. Mapulagi wamba amatha pa makilomita pafupifupi 20,000 mpaka 30,000, pamene a iridium angafike pa 100,000. Chenjeraninso ndi achinyengo. Maina otchuka monga NGK ndi Denso amaberedwa ndi opanga zabodza, ndipo pulagi ya iridium yogulitsidwa pa mtengo wa pulagi wamba njokayikitsa.

Nanga makaniko apatsidwe liti? Pamene mapulagi abisika pansi pa zitsulo zina zofunika kumasula kaye, monga zimakhalira pa injini zina za masilinda 6. Pamene mwasintha koma injini ikunjenjemerabe, chifukwa vuto lingakhale koyilo kapena nthambo. Mukapita kumeneko imani pafupi, onani bokosi la mapulagi atsopano, ndipo pemphani akale mupite nawo. Makaniko wokhulupirika sakwiya ndi pempho limeneli. Alipo ena amene amangopala akale ndi sandipepala n'kulipiritsa ngati atsopano.

Ndipo pulagi imene yakhala zaka osamasulidwa, ikakana kutembenuka mutaikoka ndi mphamvu ya dzanja limodzi, isiyeni momwemo. Bwezerani nthambo yake, lizani galimoto, mupite nayo ku galaja idakali yoyenda yokha.