Maso a Nkhono pa Damu la Lundazi

Ambiri mwa inu mwandifunsa chimene ine, munthu wa imvi, ndimalawirira mbandakucha ndi kamera kunka kudamu la Lundazi, pafupi ndi nyumba yonga linga la mafumu ija imene Bwana D.C. Errol Button anayamba kumanga m'zaka za m'ma 1940.

Yankho langa nali. Kamera silenga kanthu, koma ingolandira kuwala kumene kwagwa pa diso lake. Ndipo dzanja likanjenjemera, kapena mtima ukachita phuma, kakowa woima m'bango atuluka wachimbuuzi pachithunzi, pakuti anati akuluakulu, kuona maso a nkhono n'kudekha. Chomwechonso chisomo cha Mulungu: sitichiumba ndi manja athu, tichilandira tili duu.

M'mwezi wa Seputembala, pamene nthaka ili gwaa ndipo mitsinje yaphwa, ndimajambula mitengo ya mombo ya kunkhalango ya Lukusuzi itavala masamba anthete ofiirira, mvula isanagwe ngakhale dontho. Ndipo poyang'ana chithunzicho madzulo, ndimadzifunsa ngati ine, amene ndinamva Uthenga kuyambira ubwana, ndikhulupirira Mlengi monga ichitira mitengoyo.