Njinga yamoto ikafooka, yambani mwaona ma shock ndi petulo

Pempho lomwe ndimalimva kawirikawiri pagalaja ndi lakuti, "Amakanika, ionjezereni mphamvu njingayi." Eni ake amafuna ndisegule injini, koma nthawi zambiri injiniyo imakhala ilibe mlandu. Vuto limakhala loti njinga inakonzedwera munthu mmodzi pomwe ikusenza anthu awiri ndi thumba la chimanga, kapena ikumwetsedwa petulo wokayikitsa. Zonsezi mwini njinga angathe kuziona yekha, ali ndi tepi yoyezera ndi botolo loyera.

Shock ili ndi mbali ziwiri. Sipuling'i imanyamula katundu. Mkati mwa chubu muli oyilo amene amadutsa m'timabowo ting'onoting'ono, ndipo ntchito yake ndi kuletsa sipuling'iyo kubwerera mwamphamvu. Oyiloyo akatha, njinga imadumpha kawiri kapena katatu ikangodutsa hampu imodzi, tayala limasiya kugwira pansi, ndipo buleki imachedwa. Dinani mpando mwamphamvu n'kuusiya. Njinga yabwino imakwera kamodzi n'kuima. Ikapitiriza kunjanja, kapena mukaona oyilo atadontha n'kugwira fumbi pachubu, shock yatha ndipo kuimanga sikungathandize.

Njinga zambiri zomwe timaziona kuno kudera la Kafue, monga Bajaj Boxer ndi TVS, zili ndi ma shock awiri kumbuyo, ndipo m'munsi mwa sipuling'i muli kolala yamano imene imazungulira. Ambiri amakhulupirira kuti kuikweza kumalimbitsa sipuling'i. Ayi, sipuling'i ndi yomweyo. Chimene chimasintha ndi msinkhu umene njinga imakhalapo katundu akakwera. Poyeza, imikani njinga tayala lakumbuyo lili m'malere, muyeze kuchokera pa nati ya tayala kufika pa malo amodzi a felemu pamwamba pake. Kenako itsitseni, mukhalepo ndi katundu wanu wa masiku onse, mnzanu ayezenso. Kusiyanako kusapose gawo limodzi mwa magawo atatu a mtunda wonse umene tayala limatha kukwera ndi kutsika. Ngati mtundawo ndi masentimita 9, njinga itsike masentimita 3 basi.

Ikatsika kwambiri, kutsogolo kumapepuka, nyali imaloza kumwamba, mahandulo amayendayenda, ndipo pahampu shock imagunda pansi. Mumsewu wa T2, pamene mathiraki opita ku Chirundu ndi ku Livingstone amakudutsani pafupi ndi mphepo yawo, njinga yopepuka kutsogolo ndi yoopsa. Mukakwezanso kolala mopitirira muli nokha, tayala limangodumphadumpha pa msewu wafumbi wamabampu. Choncho wonyamula nsomba kuchokera ku Chanyanya akweze kolala popita ndi katundu, wongoyenda yekha m'tauni aitsitse. Mbali zonse ziwiri zikhale pa dzino lofanana. Mukasintha, onaninso tcheni, chifukwa chimakungika njinga ikatsika, ndiponso mpweya wa m'matayala molingana ndi manambala a pa chizindikiro chomatidwa panjinga.

Muyeso umenewu si wa kuno kokha. Ku Canada, oyendetsa timagalimoto ta pachipale chofewa amayezanso mmene kumbuyo kwatsikira asanakhudze injini. Iwo amalimbana ndi chipale, ife ndi mchenga wa mu Okutobala ndi matope a dzinja, koma sipuling'i imamvera lamulo limodzi.

Pa za mafuta, mawu amene amasokoneza ambiri ndi octane. Nambala imeneyi sinena za mphamvu ya petulo. Imanena za mmene petuloyo amapiririra kupanikizidwa ndi pisitoni osayaka yekha pulagi isanathetheke. Akayaka nthawi isanakwane, mumamva kulira ngati timiyala tikugubuduka m'chitini, makamaka pokwera phiri ndi katundu, ndipo kulirako kumadya pisitoni. Injini zazing'ono za 100cc mpaka 150cc sizipanikiza kwambiri, kotero petulo wamba wa pa filing'i siteshoni amazikwanira. Timabotolo togulitsidwa kuti tionjezere octane sitingapatse njinga yotere mphamvu yatsopano.

Chimene chimapha injini ndi petulo wa m'zigubu amene simukudziwa kumene wachokera. Mitengo imene bungwe la Energy Regulation Board limalengeza ikakwera, ena amathira palafini kuti malita achuluke. Palafini amatsitsa octane, sayaka yense, ndipo wotsalayo amatsuka oyilo m'mbali mwa silinda n'kukalowa pansi, kumene amasungunula oyilo wa injini. Zizindikiro zake ndi kuvuta kuliza m'mawa, utsi wonunkha, ndi oyilo amene akuoneka ngati akuchuluka m'malo mochepa. Madzi nawonso amalowa m'zigubu nthawi ya mvula. Thirani pang'ono m'botolo loyera ndipo muliimike: madzi amalemera kuposa petulo, ndiye amakhala pansi poonekera.

Pali chinthu china chimene kabuleta, yomwe imasakaniza petulo ndi mpweya, sidziwa, ndicho kukwera kwa malo. Kafue ali pa mamita pafupifupi 1,000 pamwamba pa nyanja yamchere, Lusaka ali pamwamba kuposa pamenepo, ndipo Chirundu ali pansi kwambiri m'chigwa cha Zambezi. Mukamakwera mpweya umapepuka, ndipo pa mamita 1,000 aliwonse injini imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu yake. Kabuleta imangothirabe petulo, kotero injini imamwa wambiri poyerekeza ndi mpweya. Sefa ya mpweya ikatsekeka ndi fumbi, vutolo limakula. Mboni yake ndi pulagi: yofiirira ndiye bwino, yakuda ndi mwaye ndiye petulo wachuluka, yoyera mbuu ndiye wachepa ndipo injini ikutentha. Tsukani sefa musanagwire sikuluwu iliyonse ya kabuleta.

Asodzi a pa mtsinje wa Kafue ali ndi lamulo lawo. Injini zambiri za maboti ndi za two-stroke ndipo zimafuna oyilo wosakaniza m'petulo. Ngati buku la injini likuti 50:1, ndiye mamililita 100 pa malita 5, oyezedwa ndi kapu yamanambala, osati ndi maso. Petulo wosakanizayo asalowe m'njinga ya four-stroke, chifukwa amadetsa pulagi ndi kusiya mwaye m'injini.

Dongosolo langa pagalaja ndi ili: matayala, ma shock, tcheni, sefa, pulagi, petulo. Injini ndimaitsegula pokhapokha zisanu ndi chimodzizi zikapezeka zili bwino, ndipo ntchito imeneyo ndiyo yodula kwambiri kwa mwini njinga.